Aligorizimu

Aligorizimu ndi ndondomeko ya masamu imene kompyuta imatsata pofuna yankho. Dzinali linachokera kwa al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Pa YouTube kapena Spotify, yomwe inafika m'Malawi mu 2021, aligorizimu imasunga nyimbo zimene mwamvera mpaka kumapeto ndi zimene mwalumpha, kenaka n'kukubweretserani zokondedwa ndi ena amakutu ngati anu. Mnyamata wa ku Mbamba, pachilumba cha Likoma, akangozolowera amapiano, foni imamuthira amapiano okhaokha. Koma malipenga ovinidwa kwawo komweko siiwadziwa kwenikweni: ojambulidwa n'kuikidwa pa intaneti ndi ochepa, ndipo nyimbo yomvedwa ndi anthu ochepa siifulumira kuipereka kwa wina.