Nkhope ya pa K200

Tsiku lina ku Luwawa, mayi wogulitsa mbatatesi anandibwezera K200 yothaitha. Ndinawafunsa, "Amama, nkhope iyi mukuidziwa?" Anapukusa mutu. Komatu amenewo ndi Mayi Rose Chibambo a ku Kafukule, phungu woyamba wamkazi m'dziko muno, ndipo dera lawo linali lomwelino la Mzimba South.

Mu 1952, ali ku Zomba, anayamba kusonkhanitsa amayi kuti akane Chitaganya ndi tsankho la atsamunda, masiku amene munthu wakuda ankagulira pawindo m'masitolo ena. Mfuti analibe, zida zawo zinali misonkhano, nyimbo ndi kuguba. Mu Malichi 1959 boma linawatsekera kundende ya Zomba ndi khanda la masiku ochepa chabe. Mwanayo anamutcha Gadi.

Chondiwawa ine nchakuti pachisankho cha 1961 wovota anayenera kukhala ndi maphunziro, chuma kapena udindo, choncho amayi ambiri akumudzi anangoonerera. Mu 1964 wamkulu aliyense analoledwa, koma aphungu a Kongeresi anadutsa popanda wopikisana nawo, voti osaponyedwa. Chaka chomwecho Kamuzu anawachotsa paudindo. Anathawira ku Zambia, ndipo anabwerako mu 1994.