Ndani anatentha siling'i kuti adziwe kuti siipsa?

Kuno ku Avondale kumanga sikutha. Wina akuwonjezera cipinda, wina akumanga kanyumba ka lendi kumbuyo, wina akucotsa siling'i yakale kuti aike ya PVC yonyezimira. Tikafunsa m'sitolo ya hardware ngati siling'iyo ingagwire moto, yankho silicedwa: "Bosi, iyi siipsa, onani cidindo pa katoni." Timalipira, n'kukweza katundu pa Canter. Ndi ocepa mwa ife amene amafunsa kuti anadinda ndani, nanga anaona ciani asanadinde.

Funsoli ndi lakale. Mu 1893 ku Chicago kunali cionetsero cacikulu ca maiko, pa nthawi imene magetsi anali akali acilendo. Makampani a inshuwalansi, poopa kudzalipira nyumba zakupsa, anatuma katswiri wa zamagetsi William Henry Merrill kuti akaone mawaya. Mu 1894 iye anatsegula malo oyezerako katundu, amene pambuyo pake anadziwika kuti Underwriters Laboratories. Mfundo yake inali yapafupi: wopanga cinthu asadzicitire yekha umboni. Aciyese munthu wina, makamaka amene adzaluza ngati moto wabuka.

Ife a mu Lusaka moto timaudziwa. Mu 1997 Society House pa Cairo Road inapsa, ndipo kwa zaka zoposa 10 tinali kudutsa pansi pa cinyumba cakuda cija. Pa 4 July 2017 kunaca City Market ikuyaka, amalonda oculuka n'kutaya katundu wao yense. Boma linaganizira kuti winawake anayatsa dala, ndipo tsiku lotsatira Pulezidenti Edgar Lungu anagwiritsa nchito Article 31 ya malamulo a dziko. Caka comweco tinakangana kwambiri za magalimoto ozimitsa moto 42 amene anagulidwa pa madola 42 miliyoni. Tinali kufunsa za woyatsa ndi za wozimitsa. Koma pakati pa awiriwa pali funso lina limene sitikonda kufunsa: nyumbayo inamangidwa ndi ciani, kuti moto uthamange motero?

Anthu a ku London anakakamizika kuyankha funso limenelo. Masiku 20 City Market isanapse, pa 14 June 2017, moto unayamba pa firiji m'nyumba ya nsanjika 24 ya Grenfell Tower. Unatulukira pa windo n'kukwera ndi zokutira khoma za aluminiyamu zokhala ndi pulasitiki m'kati. Anthu 72 anafa. Zinthu zimene zinathandiza motowo zinali ndi mapepala ake ooneka bwino.

Lipoti lomaliza la kafukufuku wotsogoleredwa ndi Sir Martin Moore-Bick linatuluka pa 4 September 2024, ndipo linaonetsa mmene mapepalawo anapezekera. Kampani ya Celotex italephera mayeso oyamba mu 2014, inawonjezera mabodi osagwira moto pa khoma loyesera kuti ipambane aciwiri, koma mabodiwo sanalembedwe mu lipoti. Kampani ya Kingspan inali kugulitsa katundu wake podalira mayeso a mu 2005, cikhalireco kapangidwe kake kanasintha pambuyo pa mayesowo. Kampani ya Arconic inabisa zotsatira zoipa za mayeso ena. Nalo bungwe lopereka masatifiketi la British Board of Agrément linadzudzulidwa cifukwa cosalimbikira kufuna umboni wonse. Amene anayenera kulondera anali kulipidwa ndi amene anali kuwalondera, ndipo anafewa.

Pa nkhani yowawayi tikutolapo zinthu zinai zimene cidindo ciyenera kukhala nazo kumbuyo kwake. Coyamba, dzina la labu imene inayesa, yovomerezeka ndiponso yosakhala ya wopanga. Caciwiri, nambala ndi deti la lipoti, kuti munthu athe kukalitsimikiza kwa amene analilemba. Cacitatu, kuti cimene anayesa ndi cimodzimodzi ndi cimene akutigulitsa, kukhuthala kwake ndi mmene amaciikira, ndiponso kuti oyendera amabwerera ku fakitale kukatenga okha zitsanzo. Cacinai, kuti lipoti likunena ndendende cimene cinayesedwa. Kusagwira moto msanga n'kosiyana ndi kuletsa moto kudutsa kwa mphindi 30 kapena 60. Ku Ulaya amaika katundu m'magulu kuyambira A1, amene sayaka konse, mpaka F. Mau akuti "siipsa" paokha sanena gulu lililonse.

Citsanzo cili pamwamba pa mitu yathu. PVC siiyaka msanga, n'zoona, koma ikatentha imafewa, kugwa, n'kutulutsa utsi woyabwa m'mapapo. Bodi la gypsum lili ndi madzi m'kati mwake amene amacedwetsa moto. Zonse ziwiri wogulitsa anganene kuti "siipsa". Kusiyana kwake kumadziwika usiku, ana ali m'tulo, panyumba ya mawindo a mabaglabaa ndi citseko ca grill cokiya.

Maofesi ofunsako tili nao. Zambia Bureau of Standards inakhazikitsidwa mu 1982. Malamulo a mu 2017 anagawa nchito: ZABS inatsala ndi kulemba miyezo, kuyesa katundu ndi kupereka masatifiketi, pamene Zambia Compulsory Standards Agency inapatsidwa kuonetsetsa kuti miyezo yokakamiza ikutsatidwa m'mafakitale, m'masitolo ndi pa malire. National Council for Construction imalembetsa makontilakita, ndipo khonsolo imavomereza mapulani. Koma katoni yocokera kunja ingabwere ndi zilembo zambiri zimene aliyense wokhala ndi makina osindikizira angadinde, ndipo nyumba zambiri timamanga tokha ndi bilikileya wathu, popanda katswiri woona zimene tagula.

Conco nchito ina yatsalira ife ogula. Tisanalipire siling'i, mawaya kapena citseko cimene akuti n'coletsa moto, tipemphe lipoti la mayeso, tione dzina la labu, tiyerekeze dzina la katundu wa pa pepala ndi wa pa katoni. Wogulitsa wa katundu wabwino sadzakwiya, adzafunsa kwa amene anamuodetsa. Akanena kuti pepala kulibe, sitolo ina ili pafupi.