Munthu Mmodzi, Thanga ndi Mphepo

Anthu a ku Chintheche ndi ku Kande adaonapo tingalawa ta matanga owala tikukocheza pamchenga wao m'mwezi wa Julayi, titachokera ku Mangochi pa mpikisano wa Lake Malawi Yachting Marathon. Nyengoyo ndi ya mwera, ndipo mphepo imene imakhazika asodzi pamtunda ndiyo idakankha matangawo kulinga kumpoto. Ambiri adakwera awiriawiri. Koma pa nyanja zamchere pali mpikisano woopsa koposa, wa munthu mmodzi m'ngalawa yake.

Joshua Slocum adazungulira dziko lapansi yekha kuyambira 1895 kufikira 1898, koma sadapikisane ndi munthu. Mpikisano weniweni udayamba mu 1960, pamene amuna asanu adanyamuka ku Plymouth, m'dziko la England, kuoloka Atlantic kunka ku New York. Francis Chichester adafika poyamba, atatha masiku 40. Mdani wamkulu paulendo wotere ndi tulo, pakuti mwini akagona, agwire tsigiro ndani? Blondie Hasler, amene adaganiza za mpikisanowo, adakonza kachipangizo kakuti mphepo yomweyo iziwongolera ngalawa.

Mu 1968 amuna asanu ndi anai adayesa kuzungulira dziko osaima padooko lililonse. Robin Knox-Johnston yekha ndiye adatsiriza, atakhala pamadzi masiku 312. Donald Crowhurst adanamiza anthu za pamene adafika, ndipo ngalawa yake idapezeka ikuyandama yopanda mwini. M'zaka zotsatira ngalawa zidanka zikula, mtengo wake nukwera, kotero kuti masewerowo adasanduka a olemera. Pachifukwa chimenechi Bob Salmon adayambitsa Mini Transat mu 1977, nalamula kuti ngalawa isapose mamita 6.5, kuti luso la munthu lioneke koposa chuma chake.

Tsono inu aphunzitsi a mawa, pofotokozera ana mbiri imeneyi musawaiwalitse za kwao. Msodzi wa ku Usisya amene apalasa bwato yekha mbandakucha aŵerenga mitambo ndi mafunde monga amalinyero aja, osafuna mphotho koma ndiwo za ana ake, ndipo akalakwitsa sabwerera. Tumani ana akafunse agogo awo maina a mphepo m'Chitonga, mwezi umene iliyonse iomba, ndi zizindikiro zake, ndipo muwalembe m'kope. Nkhalamba zodziwa zimenezi zikatha, palibe buku limene tidzatsegula kuti tizipeze.