Tchalitchi cha St Michael and All Angels: Nyumba Yomangidwa Popanda Pulani

Munthu amene akutsika kuchokera ku Ndirande kulowera m'tauni ya Blantyre salephera kumva za tchalitchi cha njerwa zofiira chimene chili pa Mishoni ya Blantyre, pafupi ndi msewu wa ku Chileka. Ambiri amangochitcha kuti "ku Mishoni". Dzina lake ndi St Michael and All Angels, ndipo alendo akachiona amaganiza kuti chinachita kunyamulidwa kuchokera ku Ulaya. Koma mbiri yake ikusonyeza kuti dothi lake ndi manja amene anachimanga n'zakuno komwe.

Ku Ulaya kumanga tchalitchi chachikulu inali ntchito ya mibadwo ingapo. Tchalitchi cha St Peter ku Rome chinayambidwa m'chaka cha 1506 ndi kupatulidwa mu 1626. Cha ku Cologne, m'dziko la Germany, chinayambidwa mu 1248 koma chinadzatha mu 1880, oyika maziko ake atafa kalekale. Ku London, moto utapsereza mzinda mu 1666, katswiri Christopher Wren anajambula mapulani a tchalitchi chatsopano cha St Paul, ndipo ntchito inatenga zaka zoposa makumi atatu. Nyumba zimenezi zinali ndi akatswiri ophunzira, amisiri osema miyala, ndi chuma cha mafumu ndi mabishopu.

Ku Blantyre kunalibe zonsezi. Mishoni inakhazikitsidwa mu Okutobala 1876 ndi mpingo wa Church of Scotland, pa malo amene Henry Henderson anasankha m'dziko la Mfumu Kapeni. Anaitcha Blantyre pokumbukira mudzi umene David Livingstone anabadwirako ku Scotland. Mu 1881 kunafika Mbusa David Clement Scott kudzatsogolera mishoniyo. Iye sanaphunzirepo za zomangamanga, ndipo anthu amene anagwira naye ntchito anali asanamangepo nyumba yotere.

Ntchito inayamba mu 1888. Panalibe pulani yojambulidwa papepala. Njerwa zinaumbidwa pomwepo ndi dothi lapamalopo, n'kuwotchedwa mu uvuni wa nkhuni. Pofuna kuti makoma, mizati ndi mazenera zioneke bwino, anapanga zikombole zosiyanasiyana, ndipo mitundu ya njerwa imene inagwiritsidwa ntchito imawerengedwa kuti inafika 81. Asanamange chigawo chovuta, monga khomo lopindika ngati uta, amisiri ankayamba asanja njerwa zouma popanda matope kuti aone ngati ziima. Zikaima, ankaphwasula ndi kumanga zenizeni. Motero nyumbayo inali sukulu ya oimanga.

Pa 10 Meyi 1891 tchalitchicho chinapatulidwa, patangopita zaka zosakwana zitatu. M'litali mwake ndi mapazi 106, m'lifupi mapazi 30, ndipo msinkhu wake kufika pamwamba pa denga ndi mapazi 37. Poyerekeza ndi matchalitchi a ku Ulaya aja, n'chaching'ono ndithu. Komabe wochiyang'anitsitsa amapezamo zinthu zochokera kutali. Denga lake lobulungira ngati mphika wovundikira limakumbutsa kamangidwe ka ku Constantinople, kumene tchalitchi cha Hagia Sophia chinatha mu 537. Mauta a makomo ndi mazenera amakumbutsa matchalitchi akale a ku Ulaya. Nsanja zake ziwiri zakumaso sizifanana, chinthu chimene katswiri wotsata malamulo a m'buku mwina sakadachilola.

Nanga n'chifukwa chiyani Scott anadzipatsa ntchito yolemetsa chotere, pamene nyumba ya mitengo ndi udzu ikadakwanira? Iye ankakhulupirira kuti anthu akuno ayenera kulandira zabwino koposa, ndi kuti mpingo udzayenera kukhala m'manja mwawo. Maganizo omwewo anamuchititsa kulemba dikishonale yaikulu ya Chimang'anja imene inasindikizidwa mu 1892, ndiponso kupatsa Aafirika maudindo mumpingo, zimene Azungu ena a m'nthawiyo sanakondwere nazo. Scott anachoka ku Blantyre mu 1898 ndipo anamwalira ku Kenya mu 1907. Mu 1911 Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba Achiafirika a mishoniyo. Mu 1924 mpingo wa Blantyre unagwirizana ndi wa Livingstonia kupanga CCAP, ndipo Nkhoma inalowamo mu 1926.

Dzina la Scott limatchulidwa kawirikawiri, koma mutu umodzi susenza denga. Panali oponda dothi, otunga madzi, odula nkhuni, owotcha njerwa ndi okwera pamwamba kukazisanja. Mayina a ambiri mwa iwo sakumbukiridwa, monganso amisiri ambiri amene anasema miyala ya ku Cologne. Ntchito yawo ndiyo mboni yawo.

Lero tchalitchichi ndi chimodzi mwa zipilala zachikumbutso za dziko la Malawi, ndipo mapemphero akuchitikabe m'menemo. Njerwa yakale imaopa mvula ndi chinyezi, choncho nyumbayi imafuna kusamalidwa kosalekeza. Omvera a ku Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Machinjiri ndi a m'maboma akutali, mukafika m'tauni patukirani ku Mishoni pamodzi ndi ana anu, muwasonyeze njerwazo, ndi kuwauza kuti anaziumba ndi makolo awo.