Za Ndalama Zomangira Sukulu m'Chigwa Chathu, ndi za Ana Amene Sukuluzo Zinabala

Abale ndi alongo a Bungwe lathu, pa msonkhano waukulu wa chaka ndi chaka nkhani ya sukulu siilephera kubuka, ndipo imathera pa funso limodzi lomwelo: kodi ndalama zichokera kuti? Funso limeneli makolo athu anakomana nalo ife tisanabadwe, ndipo tayesa kuti n'koyenera kulemba m'lipoti lino momwe iwo analiyankhira.

Sukulu zoyamba za m'Chigwa cha Shire zinadza ndi amishoni. A South Africa General Mission anakhazikika pa Lulwe m'chaka cha 1900, ndipo pambuyo pake anamanga pa Chididi, m'mapiri a kuzambwe kwa Port Herald, amene lero timati Nsanje. Ansembe a Montfort anatsegula mishoni ku Chikwawa mu 1918 ndi ku Port Herald mu 1921. Boma la Atsamunda linalibe sukulu yakeyake masiku amenewo. Pamene linayamba kuthandiza amishoni mu 1907, linapereka mapaundi 1,000 okha pa chaka kuti mishoni za dziko lonse zigawane, ndipo Dipatimenti ya Maphunziro inadzakhazikitsidwa mochedwa, mu 1926. Chotero mtolo unali pa mapewa awiri: la anthu a kutsidya kwa nyanja amene ankaponya makobiri m'mbale ya chopereka, ndi la anthu a m'midzi muno amene ankadula mitengo, kumweta udzu, kumata zipupa ndi kumpatsa mphunzitsi mapira ndi nsomba. Phewa lachiwirili silitchulidwa kawirikawiri m'mabuku, pakuti thukuta lilibe lisiti.

Ndalama za kutsidyazo sizinkabwera zokha ayi. Mmishoni aliyense anali wolemba makalata. Ankalemba za ana angati amene adziwa kuwerenga, za denga limene lagwa, za mwana wanzeru wosowa womlipirira. Ndipo makalatawo ankasindikizidwa m'magazini a mipingo ku Ulaya ndi ku Amereka. Wopereka anafuna kumva dzina la malo ndi kuona chimene sheleni yake yachita. Luso limeneli Mbusa John Chilembwe analidziwa bwino. Atabwerako ku Lynchburg, Virginia, anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mu 1900, ndi chithandizo cha National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda a ku Amereka. Ankawalembera makalata ndi kuwatumizira zithunzi za ophunzira ake atavala mwaudongo, kuti opereka aone ndi maso ao.

Mwina wina adzafunsa kuti nkhani ya ku Chiradzulu ilowa bwanji m'lipoti la anthu a kuchigwa. Tikuitchula chifukwa m'dziko muno palibe nkhani ina yoonetsa bwino chimene wophunzira wakale angachitire sukulu yake. Nkhondo ya 1915 itatha, Boma linagumula tchalitchi cha Mbombwe ndi kutseka mishoniyo, ndipo anthu ambiri anayesa kuti zathera pomwepo. Koma panali mnyamata wina, Daniel Sharpe Malekebu, amene anaphunzira pa sukuluyo m'manja mwa Mayi Emma DeLany, ndipo mayiwo atabwerera kwao iye anawatsatira ku Amereka. Anaphunzira udokotala pa Meharry Medical College, nakwatira Flora Zeto. Munthu wotere akanatha kukhala komweko ndi kudya bwino moyo wake wonse. Iye anasankha kubwerera, ndipo ngakhale Boma linayamba lamkaniza kulowa m'dziko, kotero kuti anakagwira ntchito ku Liberia, sanataye mtima. Mu 1926 anatsegulanso mishoni ya Mbombwe, namanganso sukulu, tchalitchi ndi chipatala. A ku Amereka anatumizanso ndalama, inde. Koma anatumiza chifukwa panali mwana wa pakhomopo amene akanatha kumkhulupirira. Dr. Malekebu yemweyo anali mmodzi wa otsogolera Chiradzulu District Native Association imene inayamba mu 1929. Mabungwe otere, kuyambira la North Nyasa la mu 1912, ankadzaza ndi aphunzitsi ndi akalaliki ophunzira ku mishoni, ndipo m'madandaulo ao kwa Bwanamkubwa nkhani ya maphunziro inali kubwerabwera.

Ana a kuchigwa ofuna maphunziro apamwamba anayenera kukwera kumtunda. Njanji ya pakati pa Port Herald ndi Blantyre inatsegulidwa mu 1908, koma sekondale yoyamba, ya Blantyre, inadza mu 1940, ya Zomba Catholic mu 1942, ndi ya Boma ya ku Dedza mu 1951. Malo anali ochepa kwambiri, ndipo mwana wosankhidwa anali wa mudzi wonse. Fizi inkadikira msika wa thonje. Chaka chimene madzi amiza minda, kapena dzuwa laotcha mbewu, mwana ankabwerera ndi bokosi lake. Ambiri anapulumuka ndi msonkhamsonkha wa abale ndi ndalama za amalume ogwira ntchito ku Salisbury, ku Beira kapena ku migodi ya ku Johannesburg. Tiyenera kunena mosabisa kuti mwa iwo amene anaphunzira motero, ochuluka anakhazikika m'mizinda, ndipo sukulu ya kumudzi imene inawaphunzitsa a, e, i, o, u sinawaonenso. Sitikuwaweruza, pakuti palibenso amene anawalembera kalata.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ntchito za chitukuko chodzithandiza zinalimbikitsidwa, ndipo midzi inaumba njerwa zambiri. Mu 1994 Boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ophunzira m'dziko lonse anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, koma zipinda sizinakwane, ana anaphunzira pansi pa mitengo, ndipo makolo ena anamva ngati mawu akuti "ulere" awamasula ku udindo wonse. Thumba la MASAF, limene linayamba mu 1995, linabwezeretsa pangano lakale lija m'maonekedwe atsopano: mudzi utute mchenga ndi kuotcha njerwa, thumba ligule simenti ndi malata. Mu 1998 malo ophunzirira a MCDE anasanduka sekondale zoyendera za CDSS, zimene zambiri zinayamba popanda laibulale ngakhale nyumba za aphunzitsi.

Kwathu kuno kuli vuto lina limene a kumtunda salidziwa kwenikweni. Sukulu ya kuchigwa imamangidwa kawiri kapena katatu. Madzi osefukira a Januwale 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa zipinda, ndipo zimene zinatsala zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Mabungwe achifundo anabwera ndi mahema, ndipo tikuwathokoza. Koma iwo amabwera pa tsoka, nachoka tsoka lina likagwa kwina. Madesiki othyoka ndi mabuku onyowa amatsala ndi mphunzitsi wamkulu ndi komiti yake.

Sekondale zakale za kumtunda zili ndi magulu a ophunzira akale odziwika. A ku Zomba Catholic amadzitcha a Box 2, a ku Dedza a Box 48, ndipo dzina lokhalo limasonkhanitsa anthu amene sanakhalepo m'kalasi imodzi. Sukulu za Chikwawa ndi Nsanje nazo zabala aphunzitsi, anamwino, akalaliki a ku fakitale ya shuga ku Nchalo ndi amalonda a ku Limbe. Ndipo masiku ano munthu ali ku Cape Town akhoza kutumiza ndalama pa foni tsiku lomwelo. Chosowa ndicho kaundula. Sukulu zambiri sizidziwa kumene ana ao anapita, ndipo m'malo ena marejisitala akale anapita ndi madzi. Tikupempha nthambi iliyonse kuti chisanafike chaka chamawa ikhale pansi ndi aphunzitsi aakulu, mafumu ndi aphunzitsi opuma, ndi kulemba maina a ophunzira akale amene akukumbukika, chaka chao ndi kumene ali. Kalata yoyamba yopita kwa iwo inene za chipinda chimodzi, mtengo wake, ndi dzina la msungichuma amene adzawerenga ndalamazo poyera pa msonkhano.