Mmene Gogodela Inalowera M'dziko Muno

Senderani kuno adzukulu anga, mumve zimene tinkauzidwa ndi agogo athu. Makolo akale ankasaka ndi uta, mivi ndi nthungo. Mfuti inadza ndi amalonda, ndipo njira zake zinali ziwiri. Ina inkachokera ku Zanzibar ndi ku Kilwa, n'kuwoloka nyanja pa zombo mpaka kwa mfumu Jumbe ku Nkhotakota. Ayao nawo ankapita okha kugombe la nyanja yamchere kukaigula. Njira ina inkakwera ndi mtsinje wa Zambezi, kwa Apwitikizi a ku Tete ndi Achikunda awo, alenje a njovu.

Mfuti imeneyi ndiyo gogodela. Kuti ilire, mwini wake ankaiimika chilili, n'kuthira wonga kukamwa kwake. Kenako ankaikamo kansanza kapena luzi lofewa, n'kutsindira ndi kamtengo kachitsulo. Pamwamba pake ankaponyamo chipolopolo, nthawi zambiri tizidutswa tachitsulo todulidwa ndi osula, n'kutsindiranso. Zakalekale zinkayatsa wonga ndi kamwala kothetheka moto, zapambuyo pake zinkalira ndi fataki. Ikalira kamodzi, ntchito yonseyo iyambirenso. Angoni anazindikira zimenezi: ankadikira kuti mfuti zilire, kenako n'kuthamangira adani ndi zishango ndi nthungo eni mfuti akadali kutsindira. Mvula ikanyowetsa wonga, mfuti inkasanduka chibonga. Ukachulutsanso wonga, inkaphulika n'kukudula zala.

Koma choopsa chenicheni chinali mtengo wake. Wonga wambiri unkachokera kugombe, ndipo amalonda ankafuna minyanga ya njovu ndi akapolo. Mfumu ikagula mfuti, inkafuna wonga chaka ndi chaka, ndiye inkatuma anyamata kukagwira anthu m'midzi yoyandikana nayo. Midzi yogwidwayo nayo inkafuna mfuti zodzitetezera, n'kuyamba malonda omwewo. Anthu anamanga malinga, ena anathawira kumapiri.

Mfuti inkapatsanso ufumu. Amakololo amene anabwera ndi Livingstone anatsalira kuchigwa cha Shire m'zaka za m'ma 1860 ali ochepa, koma poti anali ndi mfuti, Kasisi, Chipatula ndi anzawo anayamba kulamulira Amang'anja. Chipatulayo anafanso ndi mfuti mu 1884, ataomberedwa ndi mzungu wamalonda George Fenwick.

Azungu a boma atabwera ndi mfuti zoikira zipolopolo kumbuyo pamodzi ndi mizinga, gogodela inalephera kulimbana nazo. Mu Disembala 1895, asilikali a Harry Johnston, mkulu wa bomalo, anagumula linga la Mlozi, wamalonda a akapolo wa ku Karonga, Mloziyo n'kupachikidwa. Kuyambira nthawi ya atsamunda, wofuna kusunga mfuti ankayenera kukhala ndi chiphaso cha boma, ndipo gogodela inatsalira kwa alenje ndi olondera minda ku nguluwe. Mpaka lero alipo amene amaisula mobisa ndi paipi, koma akapezeka nayo m'nkhalango ya Kasungu kapena ya Nkhotakota, ndi mlandu wa kukhoti.