Khirisimasi ya anthu opanda kumudzi

Januwale aliyense sukulu zikatsegulidwa, aphunzitsi athu a Chishona ankalemba mutu womwewo pa bolodi: tifotokoze za tchuthi chathu kumusha. Kumusha ndiko kumudzi. Anzanga ankalemba za ng'ombe za ku Murehwa, za mbuzi yomwe inaphedwa ku Buhera, za basi yomwe inatitimira m'matope. Ine ndinkanama. Ndinabwereka mudzi wa mnzanga yemwe ndinkakhala naye desiki imodzi, pamodzi ndi agogo ake ndi mtsinje wake, ndipo ndinkakhoza bwino ndithu. Zoona zake n'zakuti ife sitinkapita kulikonse. Khirisimasi yathu inkatipeza pomwe inatisiya chaka chatha, ku Mabvuku, kummawa kwa mzinda wa Harare, m'nyumba ya zipinda zinayi yomwe masamba a mtengo wake wa mango ankatuwa ndi fumbi la fakitale ya simenti.

Agogo aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Njira inali yomwe ambiri anadutsa: kulowera ku Tete, kuwoloka Zambezi, kenako Nyamapanda ndi Mutoko. Ena ankabwera kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Ena ankakwera malole a Ulere, omwe boma la Southern Rhodesia linkanyamulira anthu ofuna ntchito popanda kulipira. Mzindawo azungu ankautcha Salisbury, koma agogo mpaka imfa yawo ankati ku Halale. Anakhala khukhi m'nyumba ina ku Highlands. Mabvuku ndi Tafara anamangidwa makamaka kuti muzikhala anthu ngati iwowo, ophika ndi osamalira maluwa m'nyumba za azungu a mbali imeneyo, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero mukayenda m'misewu yake mumamva mayina a Phiri, Banda ndi Mwale.

Malamulo a nthawiyo ankati munthu wakuda m'tauni ndi mlendo. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linagawa dziko, mizinda n'kugwera mbali ya azungu, ndipo lamulo lina la 1946 linakhwimitsa za ziphaso ndi malo ogona m'malokeshoni. Nyumba inkayendera ntchito. Kwa Mshona zimenezi zinali zowawa, komabe iye anali ndi kothawira: munda, khola ndi manda a makolo zinali mtunda wa tsiku limodzi pa basi. Mmalawi kwawo kunali makilomita 600 kapena kuposa, kuseri kwa dziko la eni. Ndalama ya ulendo inkatha isanakwane. Ndipo nkhondo ya ku Mozambique itakula m'ma 1980, msewu wa ku Tete unkayendeka pokhapokha asilikali ataperekeza mdipiti wa magalimoto, mpaka mtendere wa 1992. Mawu akuti mtchona kumudzi amawanena monyoza, ngati kuti munthuyo anachita kusankha kuiwala. Agogo sanaiwale. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa.

Tsono tchuthi chikafika, lokeshoni inkagawikana pawiri. Kuyambira pa 22 Disembala anthu ankakhamukira ku Mbare Musika ndi matumba a shuga, buledi, mafuta ophikira ndi mipando yomangidwa pamwamba pa basi. Pofika pa 24 msewu wathu unkakhala zii. Otsala tinali ife, a ku Malawi, a ku Mozambique ndi a ku Zambia, omwe anzathu ankatiphatikiza pamodzi n'kumatitcha Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale agogo ku Blantyre sanapondeko. Amayi ankasungitsidwa makiyi a nyumba zitatu kapena zinayi. Mnyozo unalipo, koma makiyi ankatisiyira ifeyo.

Ndikaganiza bwino tsopano, masiku amenewo ndi omwe lokeshoni inkasanduka mudzi wathu. Mmawa wa Khirisimasi tinkapita ku tchalitchi titavala zatsopano zolimba ndi sitachi, masana mpunga wa nkhuku ndi Fanta botolo lako lako, osagawana. Koma chomwe tinkadikira chinali ng'oma. Zikayamba kulira cha kumadzulo, pa bwalo lafumbi pomwe masiku ena anyamata ankasewerapo mpira, aliyense ankadziwa kuti zilombo zatuluka. Makanja ankatulukira kuseri kwa nyumba, mutu uli pamwamba pa denga. Maliya ankayenda monyang'wa, amayi n'kumaseka mpaka kugwirana mapewa. Simoni ndi nkhope yake yofiira ankanyogodola mzungu, ndipo ndikukhulupirira kuti kwa bambo yemwe wakhala chaka chonse akuyankha kuti inde bwana m'khitchini, kuona Simoni akupunthwa m'fumbi kunali malipiro ena apadera. Za kudambwe ndizisiya, si zanga kunena. Ana a Chishona omwe sanapite kumudzi ankati zvigure, ankaziopa koopsa, koma pothawa ndi pobwerera kudzasuzumira tinkakhala limodzi.

Kumudzi gule amatuluka pa maliro, pa ziliza, pa chinamwali ndi polonga mfumu. Ku Halale anaphunzira kuwerenga kalendala ya bwana. Ankatuluka Loweruka masana ndi Lamulungu, pa Khirisimasi, pa Isitala, ndi pa tchuthi cha Rhodes and Founders mu Julaye, masiku omwe azungu ankakumbukira kulanda kwawo dzikolo. Agogo ankaseka akamanena zimenezi: Rhodes akukumbukiridwa m'tauni, mizimu ya Achewa ikuvina ku Mufakose, ku Highfield ndi ku Mbare. Ufulu utabwera mu 1980 tchuthicho chinachotsedwa, m'malo mwake munabwera cha Heroes mu Ogasiti, ndipo ng'oma zinangosamukira komweko. Abale athu Achiyawo nawo anali ndi beni wawo, atavala ngati asilikali, wapatsogolo ali ndi wezulo pakamwa. Pamene bungwe la UNESCO linkalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, linatchula Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zimbabwe munalibemo, chonsecho gule anali atavina m'migodi, m'mafamu ndi m'malokeshoni ake kwa zaka makumimakumi.

Maulendo enieni, okwera galimoto, analipo koma owerengeka. Kumapeto kwa Ogasiti bambo ankatitengera ku chionetsero cha zaulimi, chomwe aliyense amangoti ku Show. Tinkaona ng'ombe zonenepa ngati mvuu, mathirakitala, asilikali akuguba, ndipo aliyense ankaloledwa kukwera chinthu chimodzi chokha ku Luna Park. Kamodzi a mpingo anachita hayala basi kupita ku Lake Chivero, damu lomwe linamangidwa pa mtsinje wa Manyame mu 1952 ndipo kale linkatchedwa McIlwaine. Agogo aakazi, omwe anakulira kufupi ndi Chipoka, anayang'ana madziwo kanthawi n'kufunsa bambo kuti, "Kodi nyanja mumanenayo ndi imeneyi?" Tsidya linkaoneka. Anakhala pa chitenje chawo kufulatira madzi n'kuyamba kusenda mazira. Pafupi ndi kwathu panali Cleveland Dam, komwe tinkapita wapansi, ndi miyala yosanjikizana ya ku Epworth, yofanana ndi ija inali pa ndalama zathu zapepala. Malo onsewa ndi okongola, koma kumeneko tinali alendo olipira pa geti ngati wina aliyense.

Bambo anali mnyamata usiku wa pa 17 Epulo 1980, pamene mbendera ya Britain inatsitsidwa ku Rufaro Stadium ndipo Bob Marley anaimba. Iwo anali kunja kwa mpanda, m'khamu lomwe linathiridwa utsi wokhetsa misozi. Ankanena kuti analira kawiri, ndi utsi komanso ndi chimwemwe. Zaka zotsatira nyumba zambiri za m'malokeshoni zinagulitsidwa kwa omwe ankakhalamo, ndipo agogo, omwe analibe munda kulikonse, anakhala eni nyumba mu Harare. Koma mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu obadwira momwemo kwa makolo akunja anauzidwa kuti akane unzika wa mayiko omwe ambiri a iwo sanawaonepo. Ambiri anataya mwayi wovota. Mu 2005 Murambatsvina inagwetsa tinyumba takuseri ndi misika, anthu n'kumauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo. Funso la aphunzitsi anga lija linabweranso, koma tsopano likufunsidwa ndi mathirakitala ogumula. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi omwe anabwezeretsa unzika kwa obadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'mayiko a SADC. Agogo aamuna anali atagona kale ku manda a ku Mabvuku, ataperekezedwa ndi bungwe lawo la maliro la anthu a ku Dedza, lomwe analipirako mwezi ndi mwezi kwa zaka zoposa makumi atatu.

Disembala wapitayu ndinabwerera. Ku Mabvuku mipopi inauma kalekale, mwakuti pali ana omwe akula osaonapo madzi akutuluka m'bafa ya kwawo. Tsiku la Khirisimasi linayambira pa mzere wa pa mjigo. Msewu sunali zii ngati kale: ulendo wa kumudzi unadula, ndipo adzukulu a anzathu aja nawonso Harare ndiye kwawo. Cha m'ma 4 koloko ng'oma zinayamba, tili ndi zidebe m'manja. Tinapita nazo momwemo. Oimba anali anyamata obadwira konkuno, Chichewa chawo chopindikira ku Chishona, ndipo theka la bwalo linali litakweza mafoni m'mwamba.

Mwana wa mchimwene wanga, wa zaka 9, anandikoka chitenje n'kundifunsa m'Chishona kuti nyimboyo ikuti chiyani. Kumasulira ndiyo ntchito yomwe ndimadyera, choncho ndinawerama kuti ndimufotokozere. Ndisanamalize mzere woyamba, chilombo china chinatembenukira mbali yathu, chikwapu chili m'manja. Tinathawa tonse awiri, madzi theka n'kutayikira m'njira, ndipo amayi anatibweza ku mjigo.